Duwa la Herrick lija limaphukanso chaka chamawa, nanga bwanji mwini wake sakunenapo?

Pali kandakatulo kena ka Chingerezi ka mizere 20 yokha, mutu wake To Daffodils, kolembedwa ndi Robert Herrick, ndipo munthu amene wakawerengapo ukamufunsa kuti kakunena chani amayankha mosachedwa kuti moyo ndi waufupi ngati duwa, basi watseka buku. Sikuti akunama ayi, pa mayeso atha kupeza nazo malikisi ndithu, koma ine yankho limeneli limandisowetsa mtendere chifukwa ndakatulo za maluwa zonena kuti moyo ndi waufupi zilipo zambirimbiri, ndiye ngati nkhani ndi yomweyo basi kameneka kakanaiwalika kalekale. Chilipo china chimene mkuluyu anachita mmenemu, makamaka chimene anasankha kusanena, nde tiyeni tikayende pang'onopang'ono.

Choyamba duwalo, poti ambiri a ife daffodil timangomuona pa zithunzi. Ndi duwa lachikasu, pakati pake pali kachinthu kotulukira kutsogolo ngati lipenga, ndipo limamera kuchokera ku chinthu chonga anyezi chimene chimakhala pansi pa nthaka (chimafanana ndi anyezi zedi koma ndi chapoizoni, osayerekeza kukazingira ndiwo). Ku England limatuluka chakumapeto kwa February mpaka mu April, nthawi imene chisanu chawo chikutha. Apa mpofunika kumvetsa, kumeneko December ndi January mitengo yambiri imakhala mbee yopanda tsamba, 4 koloko madzulo kwayamba kale kuda, nde duwa lachikasu likangotulukira anthu amadziwa kuti tapulumuka. Nyengo imeneyi ndi imene amaitcha spring, ena amaimasulira kuti masika koma sizigwirizana, masika athu ndi nthawi yokolola pomwe spring yawo ndi nthawi imene zinthu zikungoyamba kuphuka. Poti limatuluka nthawi ya Lenti, Angerezi amalitchanso Lent lily.

Ndakatuloyo ili ndi ndime ziwiri, iliyonse mizere 10. Ndime yoyamba tikaiika mmawu athu ikuti: maluwa okongola inu, tikulira kukuonani mukuchoka mwaliwiro chonchi, dzuwa lolawirira lija silinafike ndi paliwombo pomwe. Imani, imani, mpaka tsiku lothamangali lifike pa mapemphero a madzulo, ndipo tikapemphera limodzi nafenso tinyamuka nanu. Yachiwiri ikuti: nafenso nthawi yathu yokhala ndi yochepa ngati yanu, nyengo yathu yophuka ndi yaifupi chimodzimodzi, timakula mwachangu kukakumana ndi kuwola ngati inu kapena china chilichonse. Timafa monga amafera maola anu, nkuuma ngati mvula ya nthawi yotentha, kapena ngati ngale za mame a mmawa, osadzapezekanso.

Yatha pomwepo. Palibe langizo, palibe kuti choncho anzanga chitani zakutizakuti.

Chinthu choyamba chimene chimandigwira ndi chakuti bamboyu akukokomeza, ndipo akudziwa kuti akukokomeza. Daffodil safota dzuwa lisanafike pamutu ayi, likamasula limakhala masabata ndithu. Duwa limene limachitadi zimene akunenazi ife timalidziwa bwino, ndi chiluwe cha dzungu. Ndili mwana agogo ankandituma kudimba mmamawa kukathyola nkhwani ndi chiluwe, ukapita mame asanakamuke umachipeza chili yasaa chachikasu njuchi zili piringupiringu mkatimo, koma ukachedwa kusewera nkufika dzuwa litakwera umapeza chadzitseka chafota ngati kansanza, ndipo kunyumba ukakalandira mawu. Herrick watenga moyo wa masabata nkuupanikiza kuti ukwane mmawa umodzi, cholinga chake akufuna tsiku limodzi liimire moyo wonse, mmawa ubwana, masana ukulu, madzulo ukalamba. Nde akamati dzuwa silinafike paliwombo ndiye kuti akunena za imfa ya munthu amene sanafike ndi pachimake pomwe pa moyo wake. Nthawi yake ija zimenezi sizinali zongoyerekeza, ana ambiri ankafa asanakule ndipo mliri unkabwerabwera mu London, iye mwini bambo ake anamwalira mu 1592 atagwa kuchokera pawindo iye ali ndi chaka chimodzi chokha.

Kenako onani woyankhula. Sakuti ine ndikulira, akuti tikulira. Ndakatulo yonse mulibe ine, ndi ife yekhayekha. Herrick anali wansembe wa mpingo wa Anglican, anabadwira ku London mu 1591, anaphunzira ku Cambridge, anadzozedwa mu 1623, kenako anapatsidwa parishi ya kumudzi yotchedwa Dean Prior ku Devon, ndipo ife ameneyu ndi ife wa munthu wozolowera kuima kutsogolo nkumayankhula mmalo mwa mpingo wonse. Maluwawo akuwayankhula ngati anthu, ngati akhristu anzake amene atha kugwada naye limodzi. Komanso poti ndi ife, wowerenga walowetsedwamo kale osapemphedwa, pofika pa mzere wachiwiri nawenso uli mgulu la olira.

Pempho lakelo ndi laling'ono modabwitsa. Sakupempha kuti maluwa akhale mpaka kalekale, sakupempha ndi mawa lomwe, akungoti dikirani mpaka madzulo. Zili ngati mlendo wabwera pakhomo wangokhala pang'ono nkuyamba kutsanzika, inu nkumati aaa mwafulumira bwanji, dikirani kaye nsima ipse tikuperekezani. Kusiyana kwake nkwakuti woperekeza mlendo amafika pamphambano nkubwerera kunyumba, pomwe uyu akuti tinyamuka nanu, ulendo womwewo, sakubwerera. Apa ndi pamene ndakatulo yakhotera mwakachetechete, munthu umaganiza kuti tikumvera chisoni maluwa kenako nkuzindikira kuti maliro tikulirawa ndi athu omwe. Ndime yachiwiri imangobwera kudzanena poyera zimene mzere womaliza wa ndime yoyamba wanong'ona kale.

Mawu amene ndawamasulira kuti mapemphero a madzulo mu Chingerezimo ndi even-song, ndipo ndi mawu olemera kuposa mmene akuonekera. Evensong ndi mwambo wa mapemphero a madzulo wa mu buku la mapemphero la Anglican, Book of Common Prayer. Tsono ndakatuloyi inatuluka mu 1648 m'buku lake lotchedwa Hesperides, buku lalikulu la ndakatulo pafupifupi 1,400 kuphatikizapo zauzimu zimene anazipatsa mutu wakewake wakuti Noble Numbers, ndipo nthawi imeneyo England inali itangodutsa mu nkhondo yapachiweniweni pakati pa mfumu Charles I ndi Nyumba ya Malamulo. A Nyumba ya Malamulo, ambiri mwa iwo ma Puritan (akhristu amene ankafuna kuchotsa miyambo yambiri ya mpingo wa Anglican), anali ataletsa buku la mapemphero lija mu 1645, Herrick amene anali wa mbali ya mfumu anachotsedwa pa parishi yake mu 1647 nkubwerera ku London, ndipo mu January 1649 mfumuyo inadulidwa mutu. Nde taganizani munthu wowerenga bukuli litangotuluka, akuona wansembe wochotsedwa ntchito akupempha kuti tingodikira tichite evensong limodzi kenako tizipita, pomwe evensong yo boma laithetsa. Sindikunena kuti ndakatuloyi ndi ya ndale yobisika, ndikungoti kwa owerenga a 1648 zinthu zimene zinkachoka mwaliwiro sanali maluwa okha.

Tibwere ku kamangidwe kake, poti apa ndi pamene pali luso lenileni ndipo kumasulira kumaphapo zambiri. Mukaiona papepala ndakatuloyi mizere yake ndi yosiyana kutalika, ina yaitali ina kachidutswa chabe. Mukawerenga maphatikizo a mawu mu mzere uliwonse mupeza 8, 6, 8, 6, kenako 2, 6, 2, 6, nkumaliza 8, 6. Poyambira paja pa 8, 6, 8, 6 ndi muyeso umene Angerezi ankaimbira masalimo mtchalitchi, ndipo nyimbo zambiri za mmabuku a nyimbo mpaka lero zimayenda chomwecho, nde khutu limayamba kumva ngati nyimbo ya mtchalitchi yayambika bwinobwino kenako mwadzidzidzi mzere wachisanu waduka, mawu awiri okha, "Stay, stay". Yesani kuwerenga mokweza, pamenepo mumaima ndithu kufuna osafuna, ndiye kuti ndakatulo ikuchita chimene ikupempha, ikuimitsa nthawi kwa kamphindi. Koma mukapita pa malo omwewo mu ndime yachiwiri, mzere wachisanu, mupeza mawu awirinso, "We die". Pamene panali imani imani pakhala timafa. Pa mzere wachisanu ndi chiwiri napo, mu ndime yoyamba pali "Has run" mu yachiwiri pali "Away", kamzere kakafupi kamene kakungouma pakamwa ngati madzi akunenedwawo. Ine ndimaona kuti munthu atangogwira ziwiri zimenezi wamvetsa theka la ndakatulo, kuposa kuloweza mndandanda wa zipangizo khumi.

Palinso kamvekedwe ka mawu a kumapeto kwa mizere. Mzere woyamba mnzake womveka mofanana naye sabwera msanga, umamudikira mpaka mzere wachisanu ndi chinayi, mu ndime zonse ziwiri, ngati munthu wasiya chitseko chotsegula nkudzachitseka ndime ikutha. Zing'onozing'ono ngati zimenezi nzosadabwitsa kwa Herrick, asanapite ku Cambridge anakhala zaka zingapo akuphunzira ntchito yosula golide kwa mchimwene wa bambo ake, Sir William Herrick, ndipo bambo akenso inali ntchito yawo yomweyo. Nde akamati mame ndi ngale akunena munthu woti ngale zenizeni anakulira pafupi nazo, akudziwa kuti ngale ndi chinthu cholimba chodula chimene anthu amasiyirana ngati chuma cha masiye, tsono akuitenga nkuipatsa dontho la madzi loti 9 koloko isanakwane lapita.

Zifanifani za mu ndime yachiwiri zimanka zichepa. Tayamba ndi duwa, chinthu choti utha kuchigwira ngakhale chitafota umatola zouma zake. Kenako maola. Kenako mvula ya nthawi yotentha yongowaza pang'ono nthaka nkuumanso. Kenako mame. Duwa limasiyako mtembo, mame sasiya kanthu. Komanso pali kamzere kaja koti timakula mwachangu kukakumana ndi kuwola, sakuti timakula kenako nkuyamba kuwola ayi, akuti kukulako ndi ulendo wopita kukakumana nako, ngati kuwolako kwanyamuka kale uko kukubwera ndipo tikumana pakati panjira.

Tsopano nkhani imene ndinayambira ija. Daffodil safa. Duwalo limafota inde, masamba amakhalako masabata angapo akudyetsa kaanyezi kaja pansi kenako nawo amauma, koma kaanyeziko kamakhala kali moyo chaka chonse ndipo February winayo katulukanso pamalo pomwepo, kamaberekananso nkukhala tambiri. Munthu aliyense wa kumudzi ku Devon amadziwa zimenezi, Herrick anakhala kumeneko zaka zoposa 15 asanachotsedwe, sangakhale kuti sankadziwa. Ndipo kwa wansembe ulaliki wake unali pomwepo wapsa kale, duwa lotuluka nthawi ya Lenti ndi Pasaka, lofa nkuukanso, ukufunanso chani? Koma iye ndakatulo yake akuitseka ndi mawu akuti osadzapezekanso.

Kuti muone kuti uku kunali kusankha osati kuiwala, yerekezani ndi wansembe mnzake wa mpingo womwewo, George Herbert, amene ndakatulo yake The Flower inatuluka mu 1633 m'buku la The Temple. Herbert anatenga chinthu chomwechi cha maluwa kulowa pansi nthawi ya chisanu kukakhala ku muzu wake nkudzatulukanso, nkunena kuti mtima wake umene unafota waphukanso mwa chifundo cha Mulungu. Chithunzi chimenechi chinalipo, chinali chodziwika, Herrick anangochisiya dala.

Ngakhale Baibulo limene ankawerenga tsiku ndi tsiku, mavesi ambiri a duwa amakhala ndi mbali yachiwiri yotonthoza. Yesaya 40 amati udzu umauma duwa limafota koma mawu a Mulungu amakhala nthawi zonse. Salimo 103 limati munthu amaphuka ngati duwa la kuthengo mphepo ikawomba lapita, koma nthawi yomweyo limawonjeza kuti chifundo cha Mulungu nchosatha. Herrick watenga theka loyamba, "koma" wotonthoza uja wamusiya. Malo amene akufanana naye kwambiri ndi Yobu 14, mavesi aja timawamva pamaliro onena za munthu wobadwa mwa mkazi kuti masiku ake ndi owerengeka, amaphuka ngati duwa nkufota, ndipo mawu amenewa analinso mu mwambo woika maliro wa mu Book of Common Prayer, kutanthauza kuti Herrick anawawerengapo kambirimbiri ataima pamanda. Mukapitiriza chaputala chomwecho Yobu akuti mtengo uli nacho chiyembekezo, ukadulidwa umaphukanso ukangomva fungo la madzi, koma munthu akafa ali kuti, ndipo akumufanizira ndi madzi a mumtsinje amene aphwa. Madzi ouma omwewo amene Herrick akumalizira.

Kwinanso kumene kunachokera maganizo amenewa ndi kwa alakatuli akale a Chilatini amene Herrick ankawakonda, monga Catullus ndi Horace, iwo ankanena kuti dzuwa limalowa nkutulukanso, nyengo zimabwereranso, koma munthu akapita wapita. Kwa iwo mathero ake ankakhala akuti choncho dyerera lero, ndi carpe diem amanena uja, ndipo Herrick mwini ali ndi ndakatulo yotchuka kwambiri ya mtundu umenewu, To the Virgins, to Make Much of Time, youza atsikana kuti athyole maluwa nthawi ikadalipo, akwatiwe asanakalambe. Anthu ambiri amaika To Daffodils mu thumba lomwelo la carpe diem koma ine ndimakana, mu ndakatulo ya ma daffodil mulibe thyolani, mulibe sangalalani, chochita chokhacho chimene chatchulidwa ndi kupemphera limodzi nkunyamuka. Yakana chitonthozo cha mlaliki, yakananso chitonthozo cha kumowa.

Ena amati ayi chiyembekezo chilimo, mame ndi mvula zikauma sikuti zatha, zakwera kumwamba, nde ndi mzimu ukubwerera kwa mwini wake. Maganizo amenewa si opusa, Andrew Marvell wa nthawi yomweyo analembadi ndakatulo yonse ya dontho la mame ngati mzimu umene dzuwa likuukokera kwawo. Komanso atha kunena kuti pemphero lija labwera imfa isanafike ndiye kuti anthuwa akupita okonzeka. Ndikuvomera kuti pempherolo limafewetsa zinthu, nchifukwa chake ndakatuloyi simveka yowawa kapena yaukali, imamveka ngati munthu wodekha. Koma mawu omaliza ndi omaliza, sanati akwera, wati sadzapezekanso, ndipo mu ndakatulo yake ina ya Corinna's Going a-Maying anagwiritsanso chifanifani chomwechi cha dontho la mvula loti likatayika silipezekanso, pamenepo akunena za imfa mosabisa. Kumuika mawu mkamwa kuti amatanthauza kumwamba ndi kufuna kumuthandiza ulaliki umene iye sanaulalike.

Nanga tinene kuti wansembeyu analibe chikhulupiriro? Ayi, Noble Numbers ija yadzaza ndi ndakatulo za Khristu, za kulapa, za moyo ulinkudza. Mmene ndimaonera ine nkuti apa akuyang'ana duwa ili, limene lili patsogolo pakeli, osati mtundu wa ma daffodil. Chaka chamawa pamalo pomwepo padzakhala duwa lachikasu inde, koma lidzakhala lina, ili la lerolo silidzabweranso. Amene anakhalapo pa maliro a mwana akudziwa, pamabwera anthu a mtima wabwino ndithu nkumauza mayi wake kuti musalire Mulungu adzakupatsani wina, ndipo mwina adzaperekadi, mbumba ipitirira, koma mayiyo sakulira mbumba, akulira ameneyu, amene anali ndi kaseka kake ndi dzina lake. Herrick akanati atchule za kaanyezi ka pansi kaja akanakhala ngati anthu otonthoza aja. Wasankha kukhala pansi pamphasa ndi wolirayo osanenapo za chaka chamawa.

Nchifukwa chakenso kuiyerekeza ndi ndakatulo ina yotchuka ya ma daffodil, ya William Wordsworth imene inatuluka mu 1807, kumathandiza koma pang'ono chabe. Wordsworth anaona chigulu cha maluwawa mmbali mwa nyanja ya Ullswater akuyenda ndi mlongo wake Dorothy mu April 1802, ndipo kwa iye nkhani ndi yakuti akagona pampando ali yekha maluwa aja amamubwereranso mmaganizo nkumusangalatsa. Kwa Wordsworth duwa limapezekanso, mmutu. Kwa Herrick ngakhale kukumbukira sikunatchulidwe, poti wokumbukirayo naye akunyamuka madzulo omwewo.

Choseketsa nchakuti munthu wodandaula za nyengo yaifupiyu anakhala moyo wautali kuposa anzake ambiri. Ufumu utabwezeretsedwa mu 1660 anapempha parishi yake ija ndipo anabwerera ku Dean Prior mu 1662, kumudzi komwe mu ndakatulo zina ankakudandaula kuti nkotopetsa, evensong nayo inali itabwerera mtchalitchi. Anatumikira zaka zina 12, sanakwatire, sanatulutsenso buku lina la ndakatulo, ndipo Hesperides inakhala ngati yaiwalika mpaka anthu anadzayambanso kuiwerenga patapita zaka zoposa 100. Anamwalira mu October 1674 ali ndi zaka 83, nkuikidwa pa tchalitchi pomwepo pa Dean Prior, mmanda opanda mwala wa dzina lake.